Fumbi la Chitsulo m'Ntchafu Mwanga

Lolemba, 6 Malichi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi chitseko. Adokotala a Crișan ati ndizilemba chilichonse chimene ndikumva m'thupi, kaya ululu, kaya kutentha, kaya nseru, chifukwa ndili m'kafukufuku ndipo azindifunsa. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale koma ndilemba mmene ndingathere.

Ndine Larisa. Chotupa chili pantchafu ya kumanzere, chakumbuyo, kukula ngati chibakera cha mwamuna. Ndinachiona ndili ndi pakati, ndinkati ndi mnofu chabe. Ndi khansa. Akuti ayambe achiwotcha ndi cheza, kenako adzachichotse, mwendo utsale.

Ilinca ndamusiya kumudzi ndi apongozi anga, amayi Saveta. Ali ndi miyezi khumi. Ndinamuletsa kuyamwa sabata yatha poti adokotala anatero. Mawere akadali kuwawa, ndamanga ndi nsalu. Ovidiu, mwamuna wanga, wandiperekeza kuno ku Cluj n'kubwerera, mawa ali pantchito kocheka matabwa.

Pochoka Ilinca anali m'tulo, sindinamudzutse. Bola ndikanamudzutsa.

Lachiwiri, 7 Malichi

Magazi m'mawa. Kenako sikani. Andigoneka chafufumimba pathebulo lolimba, andiumbira chotsamiritsa mwendo kuti usamasunthe, n'kundibaya timadontho ta inki pantchafu. Akuti sitidzafufutika.

Bedi loyandikana ndi langa pali nana Floare, mayi wamkulu wa kumapiri (kwathu mayi wamkulu timamuti nana), khansa yawo ndi ya m'chiberekero. Pakamwa pawo sipatseka.

Adokotala abwera masana. Ndi mayi wamfupi, woyankhula mothamanga. Ati kompyuta yachita mayere, ine ndagwera m'gulu lolandira jekeseni watsopano amene akumuyesa. Ati, "Mankhwala ake ndi a nano."

Nana Floare ali kubediko, "Wawa adokotala, ndili pano!"

Poti kwathu poitana nana timati nano. Wodi yonse kuseka, adokotala nawonso. Ati, "Si inu, nana. Nano ndiye kuti kanthu kochepetsetsa, koti diso silingaone."

"Aa, ndiye si ine ndithu," atero nana, uku akusisita mimba.

Lachitatu, 8 Malichi

Ovidiu wabwera ndi basi ya m'mawa, atanyamula timaluwa toyera poti lero ndi tsiku la amayi. Adokotala atifotokozera tonse awiri. Ndilemba mmene ndamvera ndisanaiwale.

M'jekesenimo muli fumbi la chitsulo, dzina lake hafniu, losakaniza m'madzi. Amabaya tsiku limodzi lokha, m'kati mwenimweni mwa chotupa. Fumbilo limalowa m'maselo oipawo n'kungokhala phee. Koma makina a cheza akayatsidwa, limagwira cheza chambiri kuposa mnofu wamba, madzi a m'selo n'kusweka, ndiye pamatuluka okosijeni wolusa amene amawononga selo kuchokera m'kati. Ati ndi pachibale ndi madzi aja timathira pabala n'kuchita thovu. Wolusayo iwo amamuti reactiv. Sakhalitsa, kuphethira kwa diso n'kuchedwa. Makina akazima, zatha.

Ovidiu amangogwedeza mutu, chipewa chili m'manja. Ndimamudziwa. Akamagwedeza choncho ndiye kuti mawu akungomudutsa.

Ndafunsa ngati ndichira. Ati, "Sindikulonjezani, mayi. N'chifukwa chake tikuti kafukufuku."

Masana anandigonetsa tulo kuti abaye jekeseni uja. Podzuka ntchafu yonse ili m'bandeji, ikugunda ngati dzino lobooka. Akuti anabaya malo angapo. Ndinanjenjemera kwambiri, andifunditsa mabulangete awiri. Dilipi. Ovidiu ndinamupeza atapita kale kukakwera basi.

Lachinayi, 9 Malichi

Cheza choyamba. Makina ali pansi penipeni pa chipatala. Amakugoneka, amalunjikitsa timagetsi tofiira pamadontho aja, kenako onse amatuluka n'kutseka chitseko chochindikala ngati khoma. Umatsala wekha. Makina amazungulira, amalira ngati firiji. Sumva kanthu.

Andionetsa chithunzi cha sikani. Chotupa chayera mbee m'kati, ngati munthu wawazamo ufa. Ati fumbi lakhala pamalo pake, silinamwazike.

Ululu: waukulu pokhala pansi, wochepa ndikagonera kumanja.

Loweruka, 11 Malichi

Ena apita kwawo, Loweruka ndi Lamlungu makina amapuma. Ine andiletsa chifukwa cha kutupa. Msuzi wa mbatata, buledi, tiyi wozizira.

Ndaimba kumudzi. Ilinca amangopumira mufoni. Amayi Saveta afunsa ngati mwendowo ukutentha. Ndati pang'ono. Ati, "Mumdima sukuwala?" Ndaseka. Iwo sanaseke.

Lachitatu, 15 Malichi

Cheza m'mawa uliwonse. Kutupa kwachepa. Tulo tambiri.

Mwana wa nana Floare wabweretsa nyama ya nkhumba yamafuta ndi anyezi, chonsecho tili m'nyengo yosala. Nana ati, "Odwala ndi apaulendo sasala. Ine ndine zonse ziwiri." Andigawira. Sindinathe kumeza.

Lachisanu ndikupita kwathu. Ndagulira Ilinca timasokosi pa kashopu ka pageti.

Lamlungu, 19 Malichi

Ndabwerako.

Lachisanu nditatsika basi ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pageti. Amayi Saveta anali pakhonde, Ilinca ali m'manja mwawo, atamuveka kachipewa kachikasu. Ndinaponya chikwama pansi.

"Ima pomwepo, mwana wanga."

"Amayi, ndine."

"Ndikukuona. Usamuyandikire mwanayu."

Ndinkati mwina akuopa chimfine cha m'basi. Ndinati ndisamba kaye m'manja. Iwo ati, "Sopo sachotsa zimenezo. Ovi wandiuza zonse. Akuika reactor m'mwendo."

Reactor! Ngati ching'anjo cha nyukiliya chija chinaphulika ku Chernobyl iwo ali mtsikana, mtambo wake wa cheza n'kufika mpaka kwathu.

Ndinayang'ana Ovidiu. Anali pamulu wa nkhuni, maso pansi.

"Iwe Ovi, unawauza chiyani amayi?"

"Ndinangonena zimene ananena adokotala. Reactiv, reactor, chinachake choncho."

"Si zimodzi, chitsiru iwe!"

"Nanga bwanji amakutsekera wekha kuchipinda, iwo n'kuthawa? Si unandiuza wekha?"

Ndinatola chikwama changa.

Anandiyalira kukhitchini yapanja. Moto anasonkha, bedi loyera bwino, chakudya chambiri. Kapu yanga, mbale yanga, supuni yanga atamangirira ulusi wofiira kuti isasakanikirane ndi zawo. Sanandilalatire ngakhale kamodzi. Bola akanandilalatira.

Ilinca amamubweretsa pazenera la nyumba yaikulu, ine ndili panja pa galasi. Tsiku loyamba analira, akumenya galasi ndi timanja. Amayi n'kutseka katani kuti asiye kulira.

Ovidiu amabwera ndi nkhuni, amaima pakhomo. Ndinati lowa. Ati, "Nanga ndikakamugwira mwana pambuyo pake?"

Timasokosi ndabwera nato. Akuti tinakhala m'chikwama changa.

Lolemba, 20 Malichi

Ndawauza nana Floare. Aseka mpaka kutsokomola.

"Reactor! Bwera nayo kuno ntchafuyo nditchaje foni, soketi yangayi ndi yakufa."

Ndaseka nawo, kenako kuseka kuja kwasanduka zina. Andikokera pabedi pawo. Ati, "Apongozi onse ali ndi matenda amodzi, mwanawe, amadziwa zonse. Ndikudziwa poti inenso ndine mpongozi wa wina."

Chimene sindinawauze ndi ichi. Nanenso ndayamba kuopa. Chitsulo chili m'kati, ndinachiona ndi maso anga pachithunzi. Cheza chimalowa m'mawa uliwonse. Chimatulukira kuti? Bwanji ngati amayi akunena zoona?

Lachiwiri, 21 Malichi

Ndawafunsa adokotala. Sanaseke. Akhala pabedi panga, aika dzanja lawo lopanda magolovesi pabondo langa.

Ati cheza cha makinawa chili ngati kuwala kwa tochi. Ukazimitsa, kuwala sikutsalira pakhoma. Iwo amatuluka m'chipindamo chifukwa amagwira ntchito ndi makinawo tsiku lonse, zaka ndi zaka. Fumbilo palokha silitulutsa kanthu, lili ngati mchenga. Ati, "Ndili ndi ana awiri kunyumba. Ndimakugwirani pano, madzulo ndimakawasambitsa. Mwana wanu munyamuleni, mugone naye ngati mukufuna."

Ndapempha kuti awauze okha amayi. Ndaimba, ndakweza mawu a foni. Adokotala afotokoza bwinobwino, mosathamanga ulendo uno. Amayi amvetsera mpaka kumapeto. Kenako ati, "Zikomo, adokotala, Mulungu akusungeni. Muli ndi mawu abwino. A pawailesi chaka cha mtambo uja analinso ndi mawu abwino."

Amayi adula foni.

Adokotala ayang'ana foni kanthawi. Ati, "Amayi anga nawonso chiyambire chaka chimenecho mpaka lero sadya bowa."

Lachisanu, 24 Malichi

Sindipita. Kukaima pagalasi sindingathe.

Khungu lafiira, likuyabwa. Andipatsa mafuta opaka, koma osapaka ndisanapite kumakina.

Lolemba, 27 Malichi

Kutopa. Masitepe a kubafa ngati phiri.

Ovidiu watumiza kanema. Ilinca waimirira yekha atagwira benchi. Kumbuyo kukumveka mawu a amayi, "Bwera kwa amama, bwera." Ndaonera kambirimbiri mpaka batire kutha.

Lachitatu, 29 Malichi

Ndafunsa Ovidiu kuti nanga cheza chikatha amayi andilola? Ati akuti mpaka fumbilo lichoke. Opaleshoni ndi ya mu Meyi. Ndati chabwino, nanga ikachitika? Ati, "Akuti ndani angadziwe ngati achotsa lonse."

Ndiye kuti palibe tsiku.

Ndawauza adokotala kuti alichotse, ndikutuluka m'kafukufuku. Ati kutuluka ndi ufulu wanga, palibe angandikanize, koma fumbilo silikokeka ndi singano, lidzachokera limodzi ndi chotupa. Ati, "Ndipo mukasiya cheza pano, mukusiya mwendo." Ndapepesa. Ati palibe chopepesa.

Lachisanu, 31 Malichi

Nana Floare awatenga. Akuti cheza sichikuwathandizanso, mwana wawo wabwera ndi galimoto. Avala mpango wawo wamaluwa, apaka ndi milomo yomwe.

"Reactor, bwera undipsompsone, mwina ndikafika kwathu ndili ndi moto."

Andisiyira botolo la jamu wa mapulamu ndi pilo wawo. Bedi lawo layalidwanso kale, pabwera mayi wina wosayankhula.

Lamlungu, 2 Epulo

Ndinapita. Zenera lomwe lija. Ilinca sanalire. Amayang'ana mphaka amene anali kumbuyo kwanga.

Lachiwiri, 4 Epulo

Khungu lasupuka kuseri kwa ntchafu, likutuluka timadzi. Anesi amata kansalu kozizira. Kukhala pampando sindingathe. Magazi akuti ali bwino. Chotupa pochigwira chafewa pang'ono, adokotala ati tisasangalale msanga, tidzadziwa akadzachidula n'kuchiyeza.

Sindikulota chilichonse.

Lachinayi, 6 Epulo

Ovidiu waimba. Akuti amayi akuti ndibwere mawa ndikangotuluka kumakina, ndisadikire basi yamadzulo. Ndafunsa chifukwa. Sakudziwa. Ovidiu sadziwa kanthu masiku onse.

Loweruka ndi la Lazaro, tsiku lopereka buledi wa akufa kutchalitchi. Mwina akufuna wowasendera mtedza ali patali.

Lamlungu, 9 Epulo

Ndabwerera kuwodi. Ndilemba zonse, ngakhale zitenge mapepala angati.

Lachisanu ndinafika masana. Amayi ndinawapeza kukhitchini yapanja, kwanga kuja, manja ali mbuu ndi ufa. Aka kanali koyamba kulowamo ine ndilimo. Ilinca anali kunyumba yaikulu ndi Ovidiu.

Ufa anali atakanda kale, uli m'beseni lalikulu, wovundikira ndi nsalu yoyera.

"Khala apo pabedi. Wongola miyendo."

Ndinakhala. Anatenga beseni lija n'kundikhazika pantchafu. Ya kumanzere.

"Amayi, pali chilonda."

Anapinda thaulo n'kuika pansi pa mwendo. Ati, "Yisiti ndi chamoyo. N'chanthete kuposa khanda. Kamphepo kakangolowa pakhomo amafa, munthu wa diso loipa akangoyang'ana amafa. Za madokotala sindizidziwa. Izi ndimazidziwa. Ukatupa ufawu uli pamwendo pakopo, ndiye kuti palibe chikutuluka."

"Ukapanda kutupa?"

Anandifunditsa bulangete pamwamba pa beseni, anatseka chitseko, n'kukhala pampando moyang'anana nane.

Ndikudziwa zimene adokotala akananena. Kuti ufa sungayeze cheza, kuti utupe usatupe sizikutanthauza kanthu. Koma mwana wanga sanali m'manja mwa adokotala.

Beseni linali lolemera. Limakanikiza mwendo, chilonda chakunsi chimayaka ngati ndakhalira mbaula. Sindinasunthe. Ndinkaopa ngakhale kupuma mwamphamvu. Ndimaganiza, bwanji ngati yisiti ndi wakale? Bwanji ngati madzi anatentha kwambiri? M'khitchinimo simunkafunda mokwanira, ndinkamva kamphepo kumapazi. Mwezi wonse ndakhala ndikupempha Mulungu kuti chotupa chiphwe. Lachisanu ndinkamupempha kuti chinthu chitupe.

Amayi anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

Ati Ovi si mwana wawo woyamba. Woyamba anali Gavril. Anabadwa dzinja la chaka cha mtambo uja. Mawere awo anauma msanga, ndiye amamupatsa mkaka wa ng'ombe. Ng'ombe inkadya msipu watsopano kuphiri, mvula ikugwa, dzuwa likuwala bwinobwino. Pomwe ankalengeza kuti ana asamwe mkaka, Gavril anali atamwa kale masiku angapo. Anamwalira masamba akuyoyoka. Kuchipatala anati chinali chibayo.

"Mwina chinalidi chibayo. Koma botolo ndinkamugwirira ndine, ndi dzanja ili. Linkaoneka loyera bwino."

Buledi mmodzi mwa amene amaphika chaka chilichonse ndi wa Gavril. Ndakhala m'nyumba imeneyo chikwatiwire, sindinkadziwa. Ovidiu amadziwa dzina lokha.

Ndinati, "Amayi, pepani."

Ati, "Usagwedezeke."

Tinakhala. Mwendo unachita dzanzi, kenako dzanzi linatha, ululu unabwerera. Thukuta kumsana. Panja tambala, galimoto ya mkaka, ana ochokera kusukulu. Ndinkayang'ana bulangete, silinkasintha. Amayi anadzuka kamodzi, anakweza kumphepete, anasuzumira, anabwezera. Nkhope yawo sinandiuze kanthu.

Ndinatseka maso. Mwina ndinasinza. Chimene chinandidzutsa ndi fungo, lija lowawasa ngati mowa. Bulangete linali litakwera.

Amayi anavundukula. Ufa unali utadzaza beseni, wakwera pamwamba ngati mimba ya miyezi isanu ndi inayi, nsalu itamatirira. Anabaya ndi chala. Dzenje linabwerera pang'onopang'ono. Anabayanso pena. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, ananyamula beseni, natuluka.

Ndinatsala ndekha, mwendo sukutheka kupinda.

Kenako chitseko chinatseguka. Anali atanyamula Ilinca.

"Kumanjaku. Uko kuli chilonda."

Anamukhazika. Ndinamugwira. Wakula, tsitsi lafika m'makutu, mano awiri atsopano m'mwamba. Anandiyang'ana, anaumitsa thupi, nayamba kukuwa. Amapindika msana, manja kwa agogo ake, akuti amama, amama. Ine amandikankha pachibwano.

Amayi anatambasula manja mwachizolowezi. Ndinaona. Kenako anawabweza, anawapukuta pa epuloni.

"Alire. Ali ndi mayi wake. Ine ndili ndi buledi."

Anatuluka n'kutseka chitseko.

Analira nthawi yaitali. Sindinamuimbire. Ndinangomugwira. Kenako kulira kunasanduka kusisima, anapeza batani la juzi yanga, anayamba kulikoka, analiika m'kamwa. Anagona akuliyamwa.

Ovidiu anasuzumira pakhomo. "Ndilowe?"

"Wafunsa amayi ako?"

Analowa, makutu ali psuu.

Loweruka kutchalitchi ndinamunyamula ndine, ndikutsimphina. Azimayi ena amasuntha ndikayandikira, nkhani ya reactor inafika mudzi wonse. Amayi Saveta anagawa buledi uja pakhomo la tchalitchi, aliyense analandira, anadya. Atatha kudya ndi pamene anawauza pamene ufawo unatupira. Mayi wina anatsamwa.

Supuni yanga ikadali ndi ulusi wofiira. Akuti imeneyo tidikire opaleshoni. Sindinatsutse.

Lolemba, 10 Epulo

Cheza m'mawa. Chatsala cha mawa ndi mkuja. Chilonda chakula, anesi andikalipira, akuti ndinakhalira chiyani. Ndati beseni. Sanafunsenso.

Adokotala abwera ndi mafunso awo a kafukufuku. Nseru, ayi. Kutentha thupi, ayi. Kutopa, kwambiri. Ntchafu, ikuwawa kuposa sabata yatha. Opaleshoni ikadali mu Meyi, za mwendo sakulonjezabe.

"Pali ululu wina watsopano?"

Ndati ulipo. Mapewa onse awiri, mikono, ndi msana m'munsi. Sindingathe kukweza kapu bwinobwino.

Nkhope yawo yasintha, ayamba kundigwira m'khosi ndi m'khwapa. "Wayamba liti?"

"Lachisanu madzulo. Sindinamutsitse mpaka pokwera basi."

Asiya kundigwira. Andiyang'ana, cholembera chili m'mwamba.

"Ndilembe kuti chiyani pamenepa?"

"Lembani kuti mwana walemera."